Utsi wa pa Mafuwa: Zimene Midzi ya ku Karonga Idaphunzitsa Dziko

Munthu amene adatsikapo mapiri a Chiweta dzuŵa litapendeka, nalunjika ku Chilumba, amadziŵa m'mene midzi ya m'mbali mwa nyanja imaonekera pa nthaŵi imeneyo. Pamwamba pa mitengo ya mango ndi nthochi pamayala kamtambo kopyapyala kosayenda. Umenewo ndi utsi wa m'makhitchini. Kwa mlendo wanjala utsiwo ndi uthenga wabwino, pakuti ukunena kuti mpunga uli pa moto, kapena kondowole akuvundulidwa.

Tonsefe tidakulira m'utsi. Amai athu adatibereka kumbuyo akuuzira moto pa mafuwa, misozi ili chuchuchu, ndipo panalibe amene ankayesa zimenezi chiyambi cha matenda. Utsi tinkauthokoza, chifukwa umapirikitsa udzudzu, umateteza mbeu yopachikidwa ku denga kuti isafumbwe, ndiponso umaumitsa nsomba kuti zikafike ku msika.

Koma taloŵani m'khitchini ya udzu, mukweze maso. Denga lonse lili bii ndi mwaye. Tsono ngati udzu ndi mitengo zimada chonchi, nanga mapapu a mai amene amaphika m'menemo kaŵiri kapena katatu pa tsiku ali bwanji? Nanga a khanda limene lili kumbuyo kwake? Funso limeneli akatswiri a m'mayunivesite alimbana nalo zaka zambiri, ndipo mbali ina ya yankho lake idapezeka kuno ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016. Yankholo silidali limene iwo ankaliyembekeza, n'chifukwa chake mbiri yake ndi yoyenera kuidziŵa.

Kuŵerenga zosaoneka

Dzuŵa likaloŵera pa kabowo ka denga, timaona tinthu tambirimbiri tikuyandama m'kuŵala kwake. Timene timaonato ndi tikulutikulu. Tina tochuluka koposa maso sangatione. Sayansi ya tinthu toyandama mu mpweya idayamba pamene munthu adapeza njira yotiŵerengera.

Munthuyo adali John Aitken wa ku Falkirk m'dziko la Scotland, amene adaphunzira pa Yunivesite ya Glasgow. M'chaka cha 1880 iye adaonetsa kuti nkhungu ndi mitambo sizipangika mu mpweya wopanda fumbi, pakuti kadontho kalikonse ka madzi kamafuna kafumbi koti kakhalepo. Pambuyo pake adapanga chida chonenepetsa tifumbito ndi chinyezi mpaka tioneke ndi kuŵerengeka. M'zaka zomwezo anthu a kwao, a kampani ya African Lakes, ankamanga sitolo yao ku Karonga, m'chaka cha 1884. Palibe akadaganiza kuti ntchito ya Aitken idzafika tsiku lina m'makhitchini a kunoko.

Tinthu toyandamati si fumbi ndi utsi zokha ai. M'chaka cha 1934 William Wells wa pa Yunivesite ya Harvard ku America adafotokoza kuti munthu akakhosomola, madontho akuluakulu amagwa pansi msanga, koma aang'ono amauma asanagwe, ndipo totsalira take timayandama m'chipinda nthaŵi yaitali titanyamula tizilombo ta matenda. Madokotala ambiri sadakhulupirire. Tsono wophunzira wake, Richard Riley, adayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1950 pa chipatala china cha mu mzinda wa Baltimore. Adatenga mbira pafupifupi 150, zonga zomwe timaŵeta m'makomo mwathuzi, naziika pamwamba pa chipinda cha odwala chifuwa chachikulu. Mbirazo sizidakhudzane ndi wodwala aliyense, zinkangopuma mpweya wochokera m'chipindamo kudzera m'mipope. Mwezi ndi mwezi zina mwa izo zinkapezeka ndi chifuwa chachikulu. Atabwereza ntchitoyo, mbira zimene zinkapuma mpweya woyamba waphedwa tizilombo ndi kuŵala kwapadera sizidadwale. Apo zidadziŵika kuti mpweya wa m'chipinda ungathe kudwalitsa munthu.

Za utsi weniweni dziko lidaphunzira kudzera m'maliro. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, mzinda wa London udaphimbidwa ndi nkhungu yosakanikirana ndi utsi wa malasha amene anthu ankaotha m'nyumba zao. Mphepo idaleka kuomba, utsi udasoŵa kopita. Boma lidaŵerenga anthu 4,000 amene adafa m'masiku amenewo ndi otsatira, koma akatswiri atabwereranso m'mabuku patapita zaka adapeza kuti chiŵerengerocho chidafika pafupifupi 12,000. M'chaka cha 1956 dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo loletsa utsi wotere m'mizinda.

Padatsala funso lina: nanga utsi wochepa, wosaphimba dzuŵa, umene munthu amaupuma tsiku ndi tsiku? Akatswiri a ku Harvard adatsata anthu akuluakulu 8,111 m'mizinda isanu ndi umodzi ya ku America kwa zaka zoposa 14. M'chaka cha 1993 adalengeza kuti mu mzinda wa mpweya woipitsitsa imfa zidaposa za mu mzinda wa mpweya wabwino ndi 26 pa 100 alionse, ngakhale atachotserapo za kusuta fodya. Adapezanso kuti choopsa kwenikweni ndi tinthu tating'onoting'ono, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Akatswiri amatitcha PM2.5. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndi kukhosi, ndipo timalimina kapena kulikhosomola. Koma timeneti timatsika mpaka m'timatumba ta m'kati mwa mapapu, m'mene mpweya umakumana ndi magazi.

Kuchoka ku mizinda kufika pa mafuwa

Nthaŵi yonseyi maso a akatswiri adali pa mafakitale ndi magalimoto a m'maiko olemera. Midzi yathu ankaiyesa ya mpweya wabwino. Amene adatembenuza maso ao ndi Kirk Smith wa ku America, amene pambuyo pake adaphunzitsa pa Yunivesite ya California ku Berkeley. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 iye ndi anzake a ku India adayeza utsi umene amai ankapuma pophika m'midzi ya ku Gujarat. Adapeza kuti mai wakumudzi pa nthaŵi yophika amapuma utsi wochuluka kutalitali kuposa munthu wokhala mu mzinda wa mafakitale.

Smith ndi anzake adapita ku mapiri a Guatemala, kumene adamangira mabanja ena mbaula zokhala ndi chumuni chotulutsira utsi kunja, ena naŵasiya ndi moto wao wapansi. Zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2011. Chibayo chonse pamodzi sichidatsike mokhutiritsa, koma chibayo choopsa, chija chosoŵetsa mwana mpweya, chidachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chiyembekezo chidakula m'maiko ambiri kuti mbaula yabwino ingapulumutse ana.

Kuno kwathu kuyeza kudayambira ku Blantyre, kumene madokotala a sukulu ya udokotala ya Yunivesite ya Malaŵi ankagwira ntchito pamodzi ndi anzao a ku Liverpool. M'chaka cha 2009 Duncan Fullerton, Stephen Gordon ndi anzao adafalitsa zimene adapeza ataika zida zoyezera m'nyumba za mu mzinda ndi za kumudzi: utsi wa m'nyumba zambiri udapitirira kangapo malire amene Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse lidaika. Adayang'ananso m'mapapu mwa anthu odzipereka. M'mapapu muli asilikali a m'thupi amene ntchito yao ndi kumeza tizilombo toloŵa ndi mpweya. Pa galasi lokuza zinthu asilikaliwo adaoneka ali ndi timadontho takuda m'kati mwao, makamaka mwa anthu ophikira nkhuni. Mwaye wa ku denga uja udapezeka m'thupi la munthu. Msilikali wokhuta mwaye salimbana bwino ndi tizilombo, ndipo apa ndi pamene utsi umakumanirana ndi chibayo, nthenda imene ili m'gulu la zopha ana ambiri m'Malaŵi.

Chifukwa chiyani Karonga?

Kuti munthu adziŵe ngati mbaula imachepetsadi chibayo, ayenera kutsata ana zikwizikwi kwa zaka, kudziŵa mudzi wa aliyense, tsiku lake lobadwa ndi matenda ake. Malo otere ndi oŵerengeka mu Africa, ndipo Karonga ndi amodzi mwa iwo. Chifukwa chake ndi khate.

M'chaka cha 1979 bungwe la ku Britain lothandiza akhate, la LEPRA, lidayambitsa kafukufuku ku Chilumba, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus pamodzi ndi Paul Fine wa pa sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine. Achinyamata a konkuno adaphunzitsidwa ntchito, nayenda khomo ndi khomo m'boma lonse, kuyambira ku nyanja mpaka ku mapiri, kuyeza khungu la aliyense ndi kulemba maina. Achikulire ambiri akukumbukira kufika kwao. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 adalandira katemera pa kafukufuku wofuna kudziŵa mphamvu ya katemera wa BCG, uja amasiya chipsera pa mkono. Zotsatira zidatuluka m'chaka cha 1996. Kubwereza katemerayo kudachepetsa khate ndi theka, koma sikudateteze anthu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapu, nthenda yoyenda mu mpweya ija ya mbira za Riley. Imeneyi idali nkhani yokhumudwitsa, komabe idalembedwa monga momwe idaliri, ndipo mpaka lero akatswiri ofuna katemera watsopano wa chifuwa chachikulu amatchula dzina la Karonga.

Ntchitoyo idadzatchedwa Karonga Prevention Study, ndipo lero ili pansi pa bungwe la MEIRU. Kuyambira m'chaka cha 2002 kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa anthu a m'midzi yozungulira Chilumba kumalembedwa mosadukiza, mothandizidwa ndi anthu osankhidwa m'midzi momwemo. Motero pamene akatswiri a utsi ankafuna malo oyesera mbaula, adapeza kuti khate lidaŵalambulira kale njira.

Mbaula ziŵiri pa khomo

Kafukufukuyo adatchedwa Cooking and Pneumonia Study, ndiye kuti kafukufuku wa kuphika ndi chibayo. Adamtsogolera ndi Kevin Mortimer wa pa Liverpool School of Tropical Medicine, pamodzi ndi akatswiri a ku Blantyre ndi a ku Chilumba. Adayamba mu Disembala 2013 m'maboma aŵiri, Chikwawa ndi Karonga. Midzi idagaŵidwa m'magulu 150, ndipo ana 10,750 osakwana zaka zisanu, a m'mabanja 8,626, adalembedwa. Padali pasanachitike kafukufuku wamkulu chotere wa mbaula ndi umoyo wa ana pa dziko lonse.

Magulu a midziwo adasankhidwa mwa maere, kuti pasakhale kukondera. Theka la iwo adalandira mbaula, theka lina adapitiriza kuphika pa mafuwa, atalonjezedwa kuti nawonso adzalandira pa mapeto. Khomo lililonse la gulu loyamba lidalandira mbaula ziŵiri za Philips ndi sola yotchajira batire. Mbaulazo zidali ndi kachipupizira kopemerera moto, kotero kuti tinkhuni tating'ono tinkayaka bwino osafuka kwambiri. Poziyesa m'nyumba zoyesera zinthu zidaoneka kuti zili m'gulu la mbaula za nkhuni zotulutsa utsi wochepetsetsa. Ana adatsatidwa kwa zaka ziŵiri. Mwana akadwala ankapita ku chipatala monga mwa masiku onse, ndipo chibayo chinkaŵerengedwa kuchokera pa zimene achipatala adapeza.

Zotsatira zidalengezedwa kumapeto kwa 2016, nizisindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Mwa ana 100 alionse a m'makomo a mbaula, chibayo chinkagwa pafupifupi ka 16 pa chaka. Mwa ana 100 alionse a m'makomo a mafuwa, chinkagwanso pafupifupi ka 16. Kunena mwatchutchutchu, manambala ake adali 15.76 ndi 15.58. Kusiyana kudalibe. Phindu limene lidaoneka lidali lina: ana a m'makomo a mbaula ankapsa ndi moto mocheperapo, pakuti zilonda zazing'ono za moto zidatsika ndi 42 pa 100 alionse.

Kodi chidalakwika n'chiyani? Ofufuzawo adatchula zifukwa zingapo, ndipo mai aliyense wa kuno angazimvetse. Mbaulazo zinkaonongeka kaŵirikaŵiri, ngakhale panali amisiri ozikonza mwaulere. Mabanja ambiri sadasiyiretu mafuwa, ndipo m'chaka chachiŵiri kugwiritsa ntchito mbaula kudatsika. N'zosadabwitsa. Mphika waukulu wa alendo, nyemba zofuna moto wa maola ambiri, madzi osamba, zonsezi zimabwerera pa mafuwa, ndipo kuduladula nkhuni kuti ziloŵe m'mbaula ndi ntchito inanso pa mutu wa mai wotopa kale. Chinanso, katemera woteteza ana ku tizilombo ta chibayo adali atayamba kuperekedwa m'Malaŵi mu Novembala 2011. Koma chifukwa chachikulu choti tichilingalire ndi ichi: mwana sapuma mpweya wa khitchini ya mai wake yokha. Amapuma utsi wa zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, wa fodya wa agogo, wa koloboyi, wa khitchini ya anansi. Tingaonjezepo utsi wa lupsa m'chilimwe, wa mapesi a mpunga otenthedwa m'minda, wa mauvuni a njerwa ndi wa nsomba zoŵamba m'mbali mwa nyanja.

Ena adati vuto lidali nkhuni, ndipo gasi akadathandiza. Nazonso zidayesedwa. Amai oyembekezera 3,200 ku Guatemala, India, Peru ndi Rwanda adaloŵa m'kafukufuku wina, theka la iwo nalandira mbaula za gasi ndi gasi waulere. Utsi umene ankapuma udatsikadi kwambiri, koma zotsatira za m'chaka cha 2024 zidaonetsa kuti chibayo choopsa cha makanda sichidasiyane m'magulu aŵiriwo. Zimene Karonga ndi Chikwawa adanena poyamba zidamvekanso kwina.

Tiphunzirepo chiyani?

Pano, aŵerengi okondedwa, tisamale kuti tisamve molakwa. Kafukufukuyu sadanene kuti utsi ndi wabwino. Mwaye uja udakali m'mapapu. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba udafupikitsa moyo wa anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, kudzera m'chibayo, matenda a mtima, kufa ziŵalo ndi matenda okhalitsa a m'mapapu. M'chaka cha 2021 bungweli lidatsitsanso malire a PM2.5, litaona kuti ngakhale utsi wochepa umavulaza. Papa Fransisko naye, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, adaika utsi wa pophika m'gulu la zinthu zimene zimadwalitsa osauka koposa. Sadanenenso kafukufukuyu kuti mbaula n'zachabe. Mbaula yadothi ya chitetezo imapulumutsa nkhuni, imachepetsa maulendo a amai a ku phiri, ndipo moto wotchingidwa sutentha mwana wokwawa monga moto wapoyera. M'dziko limene mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, zimenezi si zazing'ono.

Chimene kafukufukuyu adagwetsa ndi chikhulupiriro chakuti chida chimodzi, chogaŵidwa khomo ndi khomo, chingathetse vuto la mudzi wonse. Mpweya ulibe malire a munda. Ndikatentha mapulasitiki pa khomo panga, amene akhosomole usiku ndi mwana wa mnansi wanga. Za madzi tidazindikira kale: mjigo uli ndi komiti yake, ndipo palibe amene amaloledwa kuchapa mateŵera pa chitsime. Za mpweya sitinayambe kukambirana, chonsecho munthu angakane madzi a chitsime choipa, koma mpweya wa mudzi wake sangaukane. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mafumu, magulu a amai, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo angathe kugwirizana za malo ndi nthaŵi yotenthera zinyalala, za kukwirira mapesi m'malo moŵatentha, za kutalikitsa mauvuni a njerwa ndi nyumba zogona. Ndipo pamene tikupempha boma magetsi otsika mtengo m'midzi, tidziŵe kuti tikupemphanso mapapu a ana athu.

Pa khomo palinso zotheka lero lomwe. Nkhuni zouma zimafuka pang'ono kuposa zaziŵisi. Khitchini ikhale ndi mazenera oyang'anana, ndipo kukacha bwino kuphikira panja n'kwabwino. Khanda lisakhale kumbuyo pamene mai akusonkha moto ngati pali wina woti alinyamule, ndipo abambofe ndife oyamba kukhala winayo. Mbaula ya makala isaloŵe m'chipinda chotseka usiku, pakuti mpweya wake wopanda fungo umapha anthu ali m'tulo. Katemera wa mwana asadumphidwe. Ndipo mwana akayamba kupuma mofulumira, nthiti zikuloŵa m'kati, tisadikire kuti kuche kaŵiri: chibayo chimachizika chikapezeka msanga.

Pomaliza tiyenera kuthokoza amai a ku Chilumba ndi midzi yozungulira. Iwo adatsekula makhitchini ao, adayankha mafunso kwa zaka ziŵiri, ena adalola ana ao kuvala tizida toyezera mpweya, ndipo ena adapirira kuona anzao akulandira mbaula iwo akudikira. Maina ao sali m'magazini ya The Lancet, koma popanda iwo sipakadakhala cholemba. Makolo ao adachita chimodzimodzi pa nkhani ya khate ndi katemera. Kaŵiri konse boma lino lapatsa dziko yankho losakoma, ndipo kaŵiri konse ofufuza adalilemba osalikometsera. Akadabisa, maiko akadapitiriza kugula mbaula ndi ndalama zoti zichepetse chibayo, ana nkumadwalabe. Chifukwa cha kuona mtima kumeneku funso lasintha. Akatswiri sakufunsanso za mbaula yokha, akufunsa za mpweya wonse umene mwana amapuma kuyambira m'maŵa mpaka usiku. Funso limenelo sangaliyankhe okha ku Liverpool kapena ku London, pakuti moto wa m'midzi muno timasonkha ndife.